Kodi Utsi wa Thiraki Umathera Kuti?

Kodi utsi wakuda umene thiraki imalavula ikamakwera chitunda umathera kuti? Ndikufunsa moona mtima, abale anga, chifukwa funsoli landizunguza mutu. Aliyense amene anayendapo pamsewu wa M1 anauona utsi umenewu. Ulipo pa Chiweta, thankala ya mafuta ikamakwawa kuchokera ku Karonga. Ulipo pa Thabwa, lole ya shuga wa ku Nchalo ikamalimbana ndi phiri polowera ku Blantyre. Ulipo pa zitunda za ku Ntcheu ndi ku Dedza, pamene mathiraki a feteleza amandondozana dzinja likamayandikira. A m'minibasi amatseka mawindo, amayi oyenda pansi amaphimba mphuno ndi chitenje, kamphepo kakaomba utsi uja n'kumwazika, tonse n'kupitiriza nkhani zathu. Koma kodi chinthu chikachoka m'maso ndiye kuti chatha?

Kumudzi ngakhale mwana amadziwa kuti utsi sungozimirira. Lowani m'khitchini ya agogo, muyang'ane kudenga: udzu ndi mitengo zonse bii, mwaye uli lendelende. Umenewo ndi mwaye wa nkhuni zophikira banja limodzi lokha. Nanga mwaye wa mathiraki amene amadutsa usana ndi usiku, chaka ndi chaka, umakakhala pa denga liti? Wina umagwera pa masamba a mitengo, wina pa makoma a nyumba, wina pa tomato ndi mandasi amene akugulitsidwa m'mbali mwa msewu. Koma wina, wosaoneka n'komwe ndi maso, timaupuma. Ndiye kuti denga lake ndi mapapo athu. Ngati zili choncho, bwanji nkhaniyi sitiikamba?

Choyamba ndinafuna kumvetsa chimene chimadetsa utsiwo. Injini ya dizilo, imene Rudolf Diesel anaiyendetsa bwino koyamba ku Germany mu 1897, ilibe mapulagi oyatsira moto ngati ya petulo. Imapanikiza mpweya mpaka utatentha kwambiri, kenako manozo amapopera dizilo mu mpweya wotenthawo, mafutawo n'kuyaka okha. Kadontho kakapeza mpweya wokwanira kamapsa konse. Kakapanda kuupeza kamangopserera n'kusanduka timakala tating'onoting'ono, ndipo timeneto ndiye mwaye. Makaniko aliyense wodziwa ntchito yake angakuwerengereni zimene zimachititsa zimenezi: sefa ya mpweya yotsekeka ndi fumbi, manozo otha amene amangodontheza m'malo mopopera, pampu yotsegulidwa mopyola muyeso pofuna kuti galimoto ikhale ndi mphamvu, injini yotopa, katundu wolemera kuposa amene galimoto inapangidwira. Apa m'pamene ndinayamba kudabwa. Ngati utsi wakuda ndi dizilo amene wagulidwa koma sanagwire ntchito yake yonse, dziko ngati lathuli, limene anthu amagona pa mizere podikira mafuta, limene ndalama zakunja zimasowa, likulola bwanji kuti mafuta azitayikira mumlengalenga?

Nanga mwayewo ukalowa m'thupi umachita chiyani? Fumbi la mumsewu wadothi ndi lalikulu ndithu. Mphuno imaligwira, timayetsemula, timamina, lambiri n'kutuluka. Tinthu ta mu utsi wa dizilo si totero. Akatswiri amatiika m'gulu limene amalitcha PM2.5. Mutatenga milimita imodzi pa lula ya mwana wasukulu n'kuigawa m'zigawo 400, chigawo chimodzi ndiye malire a kukula kwa tinthu ta m'gululi, ndipo tambiri ta mu dizilo n'tochepa kwambiri kuposa pamenepo. Timadutsa mphuno ndi kholingo, n'kukafika m'kati mwenimweni mwa mapapo mmene mpweya umalowera m'magazi, ndipo tina timalowa m'magazimo, titanyamula poizoni wina amene amamatirira pa ito. Madokotala apeza kuti kupuma tinthu timeneti kwa nthawi yaitali kumakulitsa mphumu, kumabweretsa chifuwa chosatherapo, matenda a mtima ndi sitiroko, ndiponso kumachititsa kuti ana ena abadwe ndi sikelo yotsika.

Mu June 2012, nthambi yofufuza za khansa ya bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, imene likulu lake lili ku Lyon m'dziko la France, inalengeza kuti utsi wa injini za dizilo umayambitsa khansa ya m'mapapo. Inauika m'gulu loyamba, gulu lomwelo mmene muli utsi wa fodya. Umboni wina unachokera ku kafukufuku wa anthu oposa 12,000 ogwira ntchito m'migodi ya ku America, amene ankapuma utsi wa makina a dizilo pansi pa nthaka. Bungwe lomweli limati mu 2019 mpweya woipa wa panja unafupikitsa miyoyo ya anthu pafupifupi 4.2 miliyoni, ambiri mwa iwo a m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Mu 2021 linatsitsa ndi theka muyeso wa PM2.5 umene limalangiza kuti usapyoledwe pa chaka, chifukwa zinaoneka kuti ngakhale wochepa amavulaza. Tsono funso langa ndi ili: munthu wosuta fodya amachenjezedwa, ndipo amasankha yekha kusuta. Nanga mwana amene nyumba ya makolo ake ili m'mbali mwa msewu waukulu anasankha liti?

Ndikamaganiza za amene amapuma utsiwu kwambiri, mtima umandiwawa. Si bwana amene wakhala m'galimoto yotseka magalasi. Ndi mayi wa pa Lizulu kapena pa Jenda amene amakhala tsiku lonse pambali pa mulu wa mbatatesi ndi kabichi, khanda lili kumsana. Ndi mnyamata wa kabaza amene amapalasa njinga kumbuyo kwa lole, akupuma mwawefuwefu. Ndi mwana wasukulu amene msinkhu wake wangofanana ndi pamene pali paipi ya ekizozi ya mathiraki ambiri. Ndi wonyamula matumba ku Kanengo, ku Limbe ndi ku Chirimba, amene amatsitsa katundu injini ikulira. Ndiponso ndi adalaivala eni akewo, amene amagona m'galimoto pakati pa mathiraki anzawo ambirimbiri. Anthu amenewa ndi amene amapindula pang'ono ndi katundu amene akudutsayo, komanso ndi amene akadwala amavutika kupeza chithandizo. Kodi n'chilungamo kuti amene wadya pang'ono ndiye alipire zambiri?

Mwina chimene chimatigonetsa tulo n'chakuti utsi supha poyera. Thiraki ikagunda munthu, mudzi wonse umadziwa nambala yake. Koma munthu akamwalira ndi chifuwa kapena mtima, pamaliro timangoti anadwala nthawi yaitali. Ku London, mtsikana wa zaka 9 amene ankakhala pafupi ndi msewu wodutsa magalimoto ambiri anamwalira ndi mphumu mu 2013. Mayi ake sanagonje mpaka mu December 2020, pamene bwalo lofufuza za imfa linagamula kuti mpweya woipa unali chimodzi mwa zinthu zimene zinamupha. Kwa nthawi yoyamba m'dziko la Britain, mawu amenewo analembedwa pa chiphaso cha imfa. Kodi kuno kwathu ndi angati amene tawaika m'manda osatchula dzina la chimene chinawafooketsa?

Ena andiuza kuti ndikudandaula ndi zazing'ono, chifukwa m'Malawi muno utsi umene ukudwalitsa anthu ambiri ndi wa nkhuni ndi makala. Akunena zoona, ndipo vuto limenelo n'lalikulu. Koma mayi amene waphika pa mafuwa m'mawa ndi yemweyo amene akukakhala pamsewu masana. Kodi mapapo ake amasiyanitsa kuti uwu ndi utsi wa kunyumba, uwu ndi wa pamsewu? Ena akuti popanda mathiraki dziko lingaime. Zimenezinso n'zoona. Malawi alibe doko lapanyanja yamchere. Mafuta, feteleza, mankhwala ndi mchere zimachokera ku Beira, ku Nacala, ku Dar es Salaam ndi ku Durban, ndipo fodya, tiyi, shuga ndi nandolo wathu zimatulukira komweko. Adalaivala amene amawoloka Zambezi pa Tete kapena kutsika mapiri a ku Mbeya usiku ndi anthu amene amatidyetsa, ndipo ndimawalemekeza. Sindikufunsa ngati katundu ayenera kuyenda. Ndikufunsa ngati ayenera kuyenda ndi utsi wotere.

Yankho limene ndinalipeza linandidabwitsa: ayi, sikuti thiraki inalengedwa kuti izifuka. Pali sefa imene imaikidwa pa paipi ya ekizozi, imene amaitchula kuti DPF. M'kati mwake muli timipata tambirimbiri totseka mbali imodzi, moti utsi umakakamizika kudutsa m'makoma a timipatato, mwaye n'kutsalira. Ukachuluka, kutentha kwa ekizozi kumakwezedwa n'kuupsereza, sefa n'kuyeranso. Sefa yogwira bwino ntchito imagwira tinthu toposa 90 pa 100 tilitonse. Ku America mathiraki atsopano akhala akutuluka nayo kuyambira mu 2007, ndipo ku Ulaya malamulo otchedwa Euro VI anaifikitsa pa mathiraki onse atsopano kuyambira mu 2014. Ndiye kuti mankhwala a nthendayi anapezeka kalekale. Nanga bwanji sanafike pa M1?

Amati vuto loyamba linali mafuta. Dizilo amakhala ndi sulufule, ndipo sulufule akachuluka amawonjezera tinthu toipa mu utsi komanso amaononga sefa ija. Ku Ulaya, kuyambira mu 2009, dizilo wa magalimoto saloledwa kupitirira magawo 10 a sulufule pa magawo 1 miliyoni alionse. Mu 2016 bungwe la ku Switzerland lotchedwa Public Eye linayeza mafuta a m'mayiko 8 a mu Africa, kuphatikizapo Zambia, n'kupeza dizilo wina amene sulufule wake ankaposa malire a ku Ulaya maulendo 378. Mafutawo ankasakanizidwa dala kuti agulitsidwe kuno ku Africa, chifukwa malamulo a mayikowo ankalola. Ndimalephera kumvetsa: kodi mapapo a munthu wa ku Lusaka ndi olimba kuposa a munthu wa ku Geneva? Chosangalatsa n'chakuti zinthu zinayamba kusintha. Tanzania, Kenya, Uganda, Rwanda ndi Burundi anatsikira pa magawo 50 mu 2015, ndipo Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe anatsatira mu 2017. Limeneli linali phazi lalikulu, ndipo amene analiponda ayenera kuyamikiridwa. Koma ngati tinatha kufika pa 50, chikutiletsa n'chiyani kufika pa 10? Ndipo ngati mafuta abwino afika, mathiraki oyenerana nawo ali kuti?

Apa m'pamene pali vuto lachiwiri. Mathiraki ambiri amene amayenda m'misewu yathu anagwirapo kale ntchito kwina, ndipo amabwera kuno atatopa. Bungwe la United Nations loona za chilengedwe linatulutsa lipoti mu 2024 lonena za malonda a magalimoto akuluakulu akale, ndipo linati mathiraki ndi mabasi amatulutsa PM2.5 woposa magawo 60 pa 100 alionse a yense wochokera pamsewu, ngakhale kuti pa chiwerengero ndi ochepa poyerekeza ndi magalimoto ang'onoang'ono. Ena amafika ali ndi sefa, koma ikatsekeka eni ake amaichotsa, poona kuti yatsopano ndi yodula ndipo odziwa kuitsuka ndi ochepa. Ku Britain, kuyambira mu 2014, galimoto imene yachotsedwa sefa imalephera mayeso a chaka ndi chaka. Kodi dziko limene laletsa galimoto kuyenda m'misewu yake chifukwa cha utsi liyenera kuitumiza kwa ife? Nanga ife, pa chipata cha Songwe kapena cha Mwanza, timafunsa za msonkho wokha, kapena timafunsanso za utsi? Kodi masukulu athu a ntchito zamanja sangaphunzitse achinyamata kukonza ndi kutsuka masefa amenewa, kuti kuchotsa kusakhale njira yokhayo?

Pali malo amene anayesa n'kuona zotsatira. Madoko a Los Angeles ndi Long Beach ku America amalandira katundu wochuluka zedi, ndipo anthu okhala pafupi nawo, ambiri mwa iwo osauka, anadandaula kwa zaka zambiri ndi mphumu ya ana awo. Mu October 2008 madokowo analetsa mathiraki opangidwa chisanafike chaka cha 1989 kulowa pa zipata zawo. Pofika mu January 2012 thiraki iliyonse yosafika pa muyeso wa 2007 inaletsedwanso. Eni katundu ankalipira kandalama pa kontena iliyonse yonyamulidwa ndi thiraki yakale, ndipo ndalamazo zinathandiza kugula mathiraki atsopano. M'zaka zochepa utsi wa mathiraki a pamadokowo unatsika ndi magawo oposa 80 pa 100. Ife si olemera ngati iwo, ndikudziwa. Koma nzeru yake si yodula: anayambira pa chipata chimene thiraki iliyonse imadutsa, anapereka nthawi yokonzekera, ndipo mtolo sanausenzetse dalaivala yekha. Kodi ife tilibe zipata? Tili ndi malire, masikelo, malo olipirira msewu a Chingeni ndi Kalinyeke, ndi madepoti a mafuta.

Zina mwa zimene tingachite sizifuna n'komwe thiraki yatsopano. Galimoto iliyonse yonyamula katundu imayenera kukhala ndi chiphaso cha COF chosonyeza kuti ili bwino. Pali kachipangizo koyezera kuda kwa utsi, kamene kamaikidwa pa ekizozi n'kupereka yankho m'mphindi zochepa. Kodi utsi suyenera kulemera mofanana ndi mabuleki ndi matayala pa tsiku loyeza? Wapolisi wapamsewu akaimitsa thiraki chifukwa cha nyali yothyoka amachita bwino; nanga imene yadetsa msika wonse ingodutsa? Masikelo a pamsewu anaikidwa pofuna kuteteza phula, koma katundu wopyola muyeso amene amakumba msewu ndi yemweyo amene amafukitsa injini pa chitunda. Mafuta a m'zigubu, amene nthawi zina amasakanizidwa ndi parafini kapena kulowa madzi ndi zinyalala, amapha manozo msanga. Mwini thiraki amene wasintha sefa ya mpweya pa nthawi yake, n'kukonzetsa manozo, amapulumutsa mafuta ulendo uliwonse. Ngati kukonza kumabweza ndalama, bwanji timadikira mpaka galimoto itafera pamsewu?

Ndimadabwanso ndi utsi umene umatuluka thiraki ili chiimire. Pa malire, pa masikelo ndi pa zipata za mafakitale, injini zimalira kwa maola, katundu osasuntha ngakhale phazi limodzi. Dalaivala ali ndi zifukwa zake: mzere umasendera pang'onopang'ono, batire ndi yofooka, usiku kukuzizira kapena masana kukutentha. Ndiye mlandu si wake yekha. Pamene Malawi ndi Zambia anatsegula chipata chimodzi cha Mchinji ndi Mwami mu 2022, kuti thiraki iziima kamodzi m'malo mwa kawiri, anthu anakamba za malonda ndi nthawi. Koma ola lililonse limene lachotsedwa pa mzere ndi ola limene anthu a pamalirewo apuma bwino. Nanga mathiraki amene amabwera ndi katundu n'kubwerera opanda kanthu? Kodi amalonda sangauzane, kuti imene yabweretsa feteleza ibwerere ndi soya kapena nandolo?

Funso limene limandivuta kwambiri ndi la njanji. Sitima inafika ku Blantyre mu 1908, ku Salima mu 1935, inalumikizidwa ndi Nacala mu 1970, n'kufika ku Lilongwe mu 1979 ndi ku Mchinji mu 1980. Makolo athu ankatumiza fodya ndi tiyi pa sitima. Nkhondo ya ku Mozambique itadula njanji za ku Beira ndi ku Nacala m'zaka za m'ma 1980, katundu anasamukira pamsewu, ndipo madzi osefukira atakokolola njanji ku Chiromo mu 1997 njira ya kum'mwera inafera pomwepo. Nkhondo inatha mu 1992, koma katundu wambiri sanabwerere ku njanji. Lero masitima ataliatali a malasha ochokera ku Moatize amadutsa m'dziko lathu, pa Nkaya, pa Liwonde ndi pa Nayuchi, panjanji ya makilomita 912 yokafika ku Nacala. Sitima nayo imayendera dizilo ndipo imafuka, koma pa tani iliyonse imene yanyamula imamwa mafuta ochepa katatu kapena kanayi kuposa thiraki, ndipo ulendo umodzi umalowa m'malo mwa mathiraki makumi angapo. Mu 2024 sitima yonyamula mafuta inafikanso ku Kanengo patapita zaka zambiri, ndipo chaka chomwecho anzathu a ku Tanzania anatsegula njanji yamagetsi yochokera ku Dar es Salaam kupita ku Dodoma. Ngati malasha a eni ake amatha kudutsa m'dziko muno pa njanji tsiku ndi tsiku, feteleza wathu, simenti yathu ndi mafuta athu zikulepheranji? Mathiraki sangasowe ntchito, chifukwa njanji sifika ku Chitipa kapena ku Namwera. Angomasuka ku maulendo ataliatali amene njanji ingawathe bwino.

Ndikumvetsa kuti mwini thiraki imodzi, amene ali ndi ngongole kubanki ndipo zipangizo amagula ndi madola ovuta kupeza, sangasinthe zonsezi yekha. N'chifukwa chake ndimafunsa za eni katundu. Makampani akuluakulu amene amatumiza shuga, fodya, zakumwa ndi mafuta amasankha okha amene awanyamulire. Kodi sangalembe m'mapangano awo kuti thiraki yofuka isalowe pa geti lawo, n'kulipira mtengo umene ungathandize wonyamulayo kusamala galimoto yake? Boma, limene limagula feteleza ndi chimanga chochuluka, silingachite chimodzimodzi? Kodi msonkho wa masefa ndi manozo sungatsitsidwe? Gawo 13 la malamulo aakulu a dziko lino limati boma lizionetsetsa kuti anthu akukhala ndi kugwira ntchito m'malo abwino pa umoyo wawo, ndipo lamulo la zachilengedwe la 2017 linakhazikitsa bungwe la MEPA kuti liziteteza zimenezi. Mawu alipo. Kodi mpweya wa pa Lunzu, pa Zalewa ndi pa Kanengo sungamayezedwe n'kumalengezedwa pa wailesi monga mmene amalengezera zanyengo?

Chimene chimandilimbitsa mtima n'chakuti zoterezi zinachitikapo. Kale petulo ankathiridwa mtovu, umene unkaononga ubongo wa ana. Mayiko a mu Africa anagwirizana ku Dakar mu 2001, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2006 mayiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara anali atasiya petulo wotero. Dziko lonse lapansi linamaliza mu 2021. Magalimoto sanaime, malonda sanafe. Mwaye nawo uli ndi ubwino umodzi: sukhalitsa mumlengalenga, umagwa pakangopita masiku kapena milungu yochepa. Tikaleka kuutulutsa chaka chino, ana a m'mbali mwa msewu apuma bwino chaka chomwechino, ndipo dziko lipepukidwako pa kutentha, poti mwaye umakoka kutentha kwa dzuwa.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ndiye ndikupempha kuti mafunso awa asathere pa ine. Inu aphungu ndi makhansala, mukadzabwera kudzapempha mavoti m'misika ya m'mbali mwa msewu, tidzakufunsani tsiku limene utsi udzayambe kuyezedwa pa thiraki iliyonse. Inu a makampani, tikufuna kudziwa ngati mumaona mmene galimoto zonyamula katundu wanu zimafukira. Inu eni mathiraki, kodi ndi liti pamene munaima kumbuyo kwa galimoto yanu injini ikulira? Ndipo inu a zaumoyo, mayi akabwera ndi mwana wobanika, mufunseni ngati amakhala kapena kugulitsa malonda pafupi ndi msewu waukulu, yankho lake mulilembe. Tikayamba kulemba tidzadziwa kukula kwa ngongoleyi, ndipo tidzadziwa woyenera kuilipira.